Malume sanalole kuti apitenso ku Harare

Lachinayi lapitali Esinati, mwana wa mlongo wanga, anagwa pokwerera makombi, maminibasi a kuno, ku Mvuma, mtolo wa zitenje zamalonda uli pamutu. Mtima wake unali utayambanso kuthamanga ngati injini ya chigayo.

Ndinamupeza kuchipatala. Dokotala anamufunsa ine ndili pomwepo: "Paja tinakutumizani kwa madokotala a mtima ku Harare. Bwanji simunabwerereko?"

Esinati anayang'ana pansi. "Sekuru sanalole."

Sekuru ameneyo, malume ake, ndi ine amene mukuwerenga zolemba zangane. Manyazi anandigwira mpaka ndinasowa poyang'ana.

Atapita ku Harare koyamba, madokotala anamuuza kuti akhoza kulowetsa kachubu kowonda mumtsempha wa pantchafu, kakafike kumtima, n'kuwotcha kamalo kakang'ono kamene kamasokoneza kagundidwe. Chifuwa sang'amba, ndipo ambiri sagonera nthawi yaitali. Zonsezi mwanayu anadzandifotokozera atagwada, poti kwathu nkhani ya opaleshoni imadzera kwa mwini mbumba. Ine osafunsa kanthu, osapita naye kukamva ndekha. "Mtima si chimanga choti n'kumawotcha," ndinatero, achibale n'kuseka. Nkhani inathera pomwepo.

Amati safunsa anadya phula. Koma apa wosafunsa ndine, phulalo wadya ndi mwana.

Amalume anzanga a ku Silobela ndi ku Lower Gweru, tiuzane zoona. Makolo athu anasunga mwambowu m'makomboni a migodi kuti mwana asasowe womuimira kudziko la eni. Kumuimira, osati kumutsekera njira. Esinati amadutsa malire yekha mpaka ku Lilongwe, amalera ana awiri yekha. Nanga za mtima uli m'chifuwa mwake azidikira chilolezo cha ine, munthu woti ndikangoona jakisoni ndimatuluka thukuta?

Ndipo timakana mofulumira bwanji. Kukana kumaoneka ngati nzeru, pamene kufunsa kumaonetsa kuti sitikudziwa, ndiye timasankha ulemu wathu.

Dzulo ndinakhala pambali pa bedi lake, n'kumuuza kuti tsopano ndalola.

"Zikomo, sekuru," anatero, osakwiya n'komwe. "Koma akuti malo anga anapatsa wina. Ndidikirenso kuti andiitane."

Akadzagwanso asanamuitane, osadzukanso, woyankhula kumanda m'malo mwa banja ndidzakhala ine. Ndidzawauza chiyani anthu?