Mkaka Unasasa ku Area 10

Chaka cha korona ndinali wapampando wa komiti yoona za amayi ku ofesi kwathu ku City Centre. Pakamwa pokha Mulungu anandipatsa. Ndinawapanikiza mabwana mpaka anavomera kuti amayi oyamwitsa azigwirira ntchito kunyumba, ndipo anzanga anandiimbira foni kundithokoza. Masiku amenewo ndinkadzimva ndithu.

Kwathu ku Area 10 tinali ndi anti otichapira ndi kutiphikira. Ankabwera m'mawa uliwonse kuchokera kumudzi cha ku Likuni, n'kusintha minibasi kudepoti. Mwana wawo wa miyezi isanu ndi iwiri ankaswera ndi apongozi awo, kuyamwa kwake kunali m'mawa ndi madzulo.

Matenda atakula, minibasi zija zinandichititsa mantha. Ndinawatsatira kukhitchini.

"Anti, kuyambira Lolemba muzigona konkuno, kuboyizikota. Zamaminibasizi mutibweretsera matenda. Ngati simungathe, munene, tione zina."

Anadziwa tanthauzo la "zina". Anapukuta manja pachitenje.

"Ndibwere naye mwana, madamu?"

"Ayi, azindisokoneza pa misonkhano akamalira. Si wayamba kale phala? Ndi masabata ochepa chabe."

Lolemba anabwera ndi kachikwama, kumsana kulibe kanthu.

Lachitatu m'mawa ndinali pa msonkhano wa pa laputopu, ndikulalikira za ufulu wa amayi oyamwitsa, anti n'kulowa ndi tiyi. Bulauzi yawo inali itanyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri. Ine ndayamwitsapo ana atatu, ndinadziwa chimene ndinkaona. Ndinakhotetsa laputopu kuti kamera isawajambule, n'kupitiriza kulankhula osaphonya ngakhale liwu limodzi. Izi ndikazikumbukira ndimachita manyazi mpaka lero.

Chikumbumtima changa nachonso n'chaulesi, chinadzuka Lachisanu. Ndinawapeza akusita.

"Anti, mawa mupite mukamutenge mwana. Muzikhala naye konkuno."

Ndinkayembekezera kuti asangalala, mwinanso andithokoze ngati anzanga a ku ofesi aja. Anaimika ayironi bwinobwino.

"Zikomo madamu, koma zatha. Apongozi akuti mkaka ukagona masiku chonchi umasasa, mwana akayamwa atsegula m'mimba. Amuletsa kale. Akuti analira masiku awiri, pano wasiya."

M'malo mopepesa, pakamwa panga paja panayambanso. Ndinawafotokozera kuti mkaka susasa m'mawere, kuti a kuchipatala amanena zimenezi tsiku lililonse kusikelo, kuti apongoziwo tikhoza kulankhula nawo pa foni. Ndinalankhula bwino kwambiri, ngati pa msonkhano.

Anandimvetsera mwaulemu, manja ali kumbuyo, mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, madamu," anatero. "Koma ngati muli ndi kansalu kakale mundigawireko ndimange pachifuwapa. Pakuwawa."