Chigafa cha a Efulemu

Lachiwiri lina, bwana wochokera ku ofesi ina ya boma anaimirira pamsika wa Mitundu nalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo midzi ya kumeneko ikhala yokomera okalamba. Anati kudzakhala mipando yopumira m'njira, mijigo pafupi, ndi mlatho wa simenti pa khwawa lililonse. Anthu anaomba m'manja, poti munthu wovala tayi dzuwa likuswa mtengo ayenera kumveredwa chisoni.

A Efulemu anamva nkhaniyi kwa akazi awo, a Felesiya, chifukwa iwo kumsika anasiya kalekale. Anachoka ku Phalombe ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, anakwatira konkuno, nakalamba. Fodya anawasiyira mawondo okana kupinda, ndi chigafa chimodzi kuseri kwa nyumba chomwe ankachisesabe ngakhale munalibe tsamba loyanika.

Vuto lawo linali khwawa. Mvula inalikumba chaka ndi chaka pakati pa nyumba yawo ndi mudzi wonse, mpaka kutsikamo kunayamba kufuna miyendo ya mbuzi. Maliro a pamudzi anayamba kuwadutsa. Imfa sankaiopa. Ankaopa kuti mkamwini wochokera kutali, wosaoneka pa maliro a anzake, adzakumbiridwa manda monyinyirika, pasiwa pake patakhala anthu owerengeka.

Atamwalira a Wilson, mnzawo wa bawo, a Efulemu anafika pakhwawa, anayang'ana pansi, nabwerera. Nyimbo anazimvera pakhonde.

Kutacha anatuma a Felesiya kukaitana Dickson, mkulu wa adzukulu okumba manda, namuuza agwetse chigafa. Dickson anawakumbutsa mwaulemu kuti boma lalonjeza mlatho.

"Umenewo udzandiwolotsa ndili m'bokosi," anatero a Efulemu. "Zulani mitengoyo."

"Madala, chigafachi mumachikonda kuposa amayiwa."

"Amayi akowa sangayalidwe pakhwawa."

A Felesiya anangoti ayesere, aone.

Adzukulu anayala pakhwawa mitengo ya bulugamu ya chigafa chija, anathirapo dothi, namanga nsungwi zogwirira mbali imodzi. Chipika chinatsala anachigoneka kutsidya, ndipo chinasanduka mpando popanda wolengeza. Anayamba kuwolokerapo ndi a Edith, oyandikana nawo nyumba, omwe anali atasiya zakwaya chifukwa cha khwawa lomwelo. Kenako bawo linasamukira pachipika paja. A Efulemu tsopano saphonya maliro, ngakhale a anthu omwe ankakangana nawo. Amafika msanga, nakhala poonekera, n'kumadzudzula adzukulu kuti manda a masiku ano ndi osaya.

Mwezi wathawu akuluakulu a boma anabwera kudzayeza pomwe padzakhale mlatho wa simenti. Galimoto inawatula m'mphepete mwa khwawa. Anawoloka atagwira nsungwi, anaunika mitengoyo, nagamula kuti mlatho wotere ndi wosavomerezeka. Pobwerera anawolokera pomwepo.