Nambala Inapita ku Joni

Tinanyamuka m'mamawa, mitambo itayamba kale kuopseza. Ndinali ndi a NyaJere, mayi wamasiye amene ndimachita lendi nyumba yawo kufupi ndi Embangweni, kumene ndimaphunzitsa. Chaka chino anawakaniza kugula feteleza wotsika mtengo, ati dzina lawo lifunika kukatsimikizidwa pa kompyuta ku Boma. Ine ananditenga poganiza kuti makina amamvera aphunzitsi.

Tinakwera matola, K3,000 aliyense, titakhala pa matumba a chimanga. Fumbi linatidzola tonse mofanana. Pa chitunda china dalaivala anaima osauzidwa, ndipo anthu anatulutsa mafoni nthawi imodzi.

"Netiweki yathu ili pano basi," anatero bambo amene ndinayandikana naye. "Ukadutsa, mbwenu udikire pobwerera."

A NyaJere analibe chotulutsa. Anangokonza duku.

Tinafika pa Mzimba Boma dzuwa litakwera, koma tinapeza magetsi atazima. Tinakhala pakhonde la ofesi yotsimikizira mainayo n'kumadya zitumbuwa, tikusuntha ndi mthunzi. Magetsi atayaka masana, tonse tinaimirira ngati kwalowa abusa.

Mtsikana wa pa kompyuta anali waulemu, wa Chichewa cha ku Lilongwe.

"Amayi, dzina lanu lilipo. Makina atumiza manambala ku foni imene munalembetsa. Mundiwerengere, tithane nazo."

"Foni ili ku Joni, mwana wane."

Apa m'pamene ndinamva nkhani yake. Polembetsa anapereka nambala ya mwana wawo Vitumbiko, poti pakhomopo foni inali yakeyo. Kenaka iye anapita ku Joni monga achitira anyamata ambiri kuno, ndipo anatchona. Sanaimbepo, ndipo obwera kuchokera uko amangoti sanamuone.

Ndinafunsa ngati tingaike nambala yanga. Mtsikanayo anayesa, n'kupukusa mutu. Kusintha nambala kumafunanso manambala opita ku foni yakale yomweyo. Anati alemba kwa akuluakulu, koma sanabise kuti yankho lingabwere chimanga chitamasula. Uphunzitsi wanga unathera pomwepo, ndipo ndinachita manyazi.

A NyaJere sanadzuke pampando.

"Uthengawo wapita nadi?"

"Wapita, amayi."

"Wafika?"

Mtsikanayo anayang'anitsitsa pa kompyuta. "Apa akungoti watumizidwa."

"Tumizaniso. Pena foni yalira, iye ali kubafa."

Anatumizanso, ngakhale anthu pamzere anali atayamba kung'ung'udza.

Pobwerera mvula inatipeza tisanafike pa chitunda chija. Dalaivala anaimabe, anthu n'kumaimba mafoni atafunda lona. Ine ndinkaganiza za munda wa a NyaJere umene ulimidwe wopanda feteleza, ndi kuti makinawo sanalakwitse kanthu, anangofunsa munthu amene kulibe. A NyaJere anandigwira mkono.

"Aphunzitsi, uthenga ula uli ndi dzina langa?"

Sindinkadziwa. Ndinati liyenera kukhalapo.

"Yewo," anatero. "Akaliona akumbuka kuti kuno n'nyengo yodzala."