Ng'ombe Zathu Zinafera ku Dipi

Ng'ombe zathu ziwiri zolimira zinafa sabata imodzi, pamodzi ndi za mabanja ena a kwathu kwa mfumu Nkomeshya. Tinali titazipititsa ku dipi kuti nkhupakupa zife, monga boma linkalamulira masiku aja a chipani chimodzi. Mankhwala amene kampani ina ya ku Lusaka inabweretsa chaka chimenecho anali oipa. Nkhupakupa zinafadi, koma zinatenga ndi ng'ombe zomwe. Amuna anga anakhala pakhomo pa khola tsiku lonse, ine ndikungoganiza za munda wathu wa chimanga, kuti ukulu wonsewo aulima ndani.

Mphunzitsi wina wa ku Chalimbana anatiuza kuti munthu mmodzi sangalimbane ndi kampani, koma tikapita kukhoti monga gulu, loya mmodzi adzatiyankhulira tonse. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, tinavomera. Amuna anga sankafuna zambiri. Ankangofuna ng'ombe ziwiri zoti aike pagoli, basi.

Poyamba tinali mabanja ochepa, amene ng'ombe zathu zinafadi. Tinkasonkha ya basi kuti anthu awiri azipita ku Lusaka kukamva mlandu, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi nyimbo yomweyo: auimitsa, tikabwerenso. Kenako gulu linayamba kutupa. Loya anati anthu akachuluka kampani imachita mantha, ndiye tcheyamani wa chipani m'dera lathu anayamba kulowetsa aliyense. Analowa amene mbuzi yawo inamwa madzi pafupi ndi dipi. Analowa amene ng'ombe yawo inangotsegula m'mimba n'kuchira. Ena ndikukhulupirira kuti analibe ngakhale nkhuku.

Ine mtima unandipweteka, ndipo ndinawauza amuna anga: “Imwe, ise tinataya zolimira. Manje tizalingana na wa mbuzi?”

“Nkhalani chete, amai,” anandiyankha. “Mukakana va gulu bazakamba ati mukana chipani.”

Ndinakhaladi chete, ndipo zaka zinapita. Tinabwerera ku khasu. Chaka chilichonse tinkasiya kachigawo ka munda kuti kamere tchire, chifukwa msana wa munthu si wa ng'ombe. Nthawi yomweyo ndalama inkatha mphamvu tikuona. Mitengo ya zinthu inkakwera ngati yalumidwa, shuga ndi mafuta tinkachita kuimira pamzere. Mlandu wathu wokha ndiwo sunkasuntha. Ndinatopa kufunsa za iwo, ndinatopanso kuwamva amuna anga akuuza ana kuti ng'ombe zikubwera.

Tsiku lina loya anatumiza uthenga kuti kampani yavomera kupereka chipukuta misozi, koma popanda kuvomera kulakwa. Anati tilandire, tikakana tidikiranso zaka zina, ndipo mwina osapeza kanthu. Anthu otopa sakana. Ndalamayo itatchulidwa yonse pamodzi inamveka yaikulu, amayi ena mpaka analuluta. Sitinadziwe kuti anaiwerengera pa mtengo wa ng'ombe wa chaka chimene zinafa. Loya anatengapo gawo lake, za mapepala a kukhoti zinachokanso momwemo, ndipo amene ankapita ku Lusaka anati nawonso abwezeredwe za chakudya ndi malo ogona. Chimene chinafika kwathu chinali mafupa.

Tinakumana pabwalo la sukulu kuti tigawane. Tcheyamani anaimirira n'kunena kuti popeza tonse tinasonkha ya basi mofanana, monga timasonkhera pamaliro, tigawanenso mofanana, banja lililonse gawo limodzi. Anthu anaomba m'manja. Akanalekeranji, oomba m'manjawo anali ochuluka kuposa ife ofedwa ng'ombe. Pambali pa amuna anga panakhala mnansi wathu, bambo wochokera kum'mawa, amene ng'ombe zake zinangothothoka ubweya n'kuchira zonse. Analandira chimodzimodzi ndi ife, ndipo anachita manyazi pang'ono, koma anaika m'thumba.

Amuna anga sanapite n'komwe kumsika kukafunsa mtengo wa ng'ombe. Ankadziwa. Mvula yoyamba itagwa anatenga ndalama ija yonse kupita nayo kwa mnansi yemwe uja, kuti abwere ndi ng'ombe zake atilimire. Iye anaiyang'ana m'manja, n'kunena mwaulemu ndithu: “Ba neba, iyi ikwana kuseni kumozi chabe. Vinthu vadula, na imwe muziba.”

Mnansiyo anabwera kudzalima m'mawa umodziwo ndi ng'ombe zake zonenepa, ine ndikutsatira pambuyo kuponya mbewu m'mizere. Dothi linkatembenuka bwino, ndipo kwa kanthawi amuna anga anagwira okha pulawo, akukuwira ng'ombe ngati zawo. Dzuwa litafika pamutu mnansi anaimitsa, anamasula unyolo, nati nthawi yakwana, ali ndi munda wina madzulo. Tinali tisanafike n'komwe pakati pa munda.

Ine ndinatsala ndi mbale ya mbewu m'manja. Amuna anga, munthu amene m'mudzi monse sanapemphepo kanthu kwa wina, anatsatira ng'ombezo mpaka kumsewu, chipewa chili m'manja, akupempha mzere umodzi wokha.