Chimanga cha Pakhomo

Lenia ndinamudziwira pa msika wa Chiringa, iye akugulitsa chimanga pa mbale, ine tomato pambali pake. Ndi mayi wowonda, wa zala zazitali, wosakonda kuseka pagulu. Chimanga chake chinkayera mbee, moti ogula ankadutsa ena onse n'kudzaima pa iye. Tinkamunyogodola kuti amachita kuchichapa ndi sopo, koma pansi pa mtima nsanje inkatipweteka.

Mankhwala analibe. Lenia amasankha basi. Amakhala pakhonde ndi malichero awiri n'kumatola njere imodziimodzi. Yoyera, yokhwima bwino, amati ndi ya kumsika. Yakuda kunsonga, yofumbwa, yonunkha chinyezi, amati ndi ya pakhomo. Mtedza chimodzimodzi. Musamuseke, ambirife kuno timatero. Pa chigwa chino chakudya sitimataya, ndipo cha pakhomocho chikabwera kuchigayo ndi ufa ngati ufa wina uliwonse.

Chaka cha namondwe uja chimanga chinagona m'matope chisanaume. Lenia anatola chimene akanatha, anayanika pansi pabwalo, dzuwa lake lochita kupempha, n'kuthira m'matumba chikadali chozizira m'manja. Lichero la pakhomo linadzaza kuposa la kumsika.

Zinayamba ndi abakha. Ankadya madeya m'mawa, masana n'kuwapeza ali khuma pansi pa thandala, mawa lake afa. Nkhuku zinatsatira. Pabwalo pa Lenia panangoti zii, ndipo ine ndikapita kukamuona ndinkamva mapazi anga omwe. Kenako mwana wake woyamba, Steve, maso anasanduka achikasu, mimba inatupa. Anathamangira naye kuchipatala pa njinga, koma mwanayo anamwalira komweko.

Anthu sanachedwe kupeza mwini nkhani. Lenia ali ndi mkulu wake, Fainess, nyumba zawo zimangosiyana ndi mpanda wa nkhadze, ndipo awiriwa anali atakanganapo za munda umene mayi awo anasiya. Pa maliro pomwepo manong'onong'o anayamba: abakha a Fainess ali moyo, ana a Fainess ndi onenepa, ndiye mufunanso umboni wanji? Lenia anakhulupirira. Moni unatha. Mwana wake wotsala, Chikondwero, anamuletsa kulandira ngakhale mbatata yootcha kuchokera kwa mayi ake aakuluwo.

Koma Chikondwero naye anasiya kukula. Ku sikelo anamuuza Lenia kuti azimuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo iye ankaphika m'mawa ndi masana osadumphitsa, ufa wa pakhomo, mtedza wa pakhomo. Mwana ankangofota. Ankaima pa mpanda paja, tsitsi lofiirira, kuyang'ana anzake akudya tsidya linalo, osalira, osapempha. Kuyang'ana kwakeko kunkandichititsa mantha.

Jenifer anabwera mwezi wa Okutobala ndi mlangizi wa zaulimi. Anali wophunzira wa ku yunivesite ya zaulimi, ndipo ankayenda khomo ndi khomo kutapa chimanga pang'ono kuti akachiyeze. Tsiku limenelo ndinali kwa Lenia, tikusenda nandolo. Lenia anatulutsa chimanga choyera chija monyadira.

"Chabwino kwambiri, mayi," anatero Jenifer. "Ndi chomwechi mumadya?"

"Ayi, ichi n'cha kumsika. Cha pakhomo simungachifune inu."

"Ndi chimenecho ndikufuna."

Lenia anachita manyazi, koma anatilowetsa m'chipinda cha matumba. Munali fungo la dothi lonyowa ngakhale kunja kunali ng'amba. Jenifer anapempha mtondo, anaphwanya njere zodzaza manja awiri, anazimwaza m'lichero. Kenako anati titseke chitseko ndipo pazenera titchinge ndi chitenje. Dzuwa lili paliwombo, ife tili mumdima wa bii. Ndinamva Chikondwero akugwira chitenje changa.

Jenifer anayatsa katochi kowala mofiirira ngati maluwa a mbatata. Poyamba sindinaone kanthu. Kenako m'lichero munayamba kutuluka timaso. Apa kamodzi, apo tiwiri, tobiriwira mwachikasu, tosaphethira. Atasuntha tochiyo tinachuluka mpaka lichero lonse linali kutiyang'ana.

"Mayo ine," Lenia ananong'ona. "Ndi zimenezi anathira achemwali?"

"Palibe anathira, mayi. Ndi chuku. Chimamera chimanga chikasungidwa chisanaume, ndipo chuku china chimasiya poizoni amene amawononga chiwindi. Kuwalaku kukungotiuza kuti chinadutsamo. Kuchuluka kwa poizoniyo tikakuona kokayeza."

"Koma ndimaphikatu. Phala limawira mpaka kuphulika."

"Ameneyu sapsa ndi moto. Madeya ake ngakhale ziweto sizifunika kudya."

Mumdima muja Lenia anafunsa ndi mawu amene sindinawamvepo pakamwa pake.

"Nanga Steve?"

Jenifer anazimitsa tochi. Anati sanamuone mwanayo, ndipo iye si dokotala, choncho sangalumbire. Sananame kuti amutonthoze, ndipo ine ndinamulemekeza pa chimenecho ngakhale ndinkalakalaka atanama. Anangopempha kuti Chikondwero asadyenso za m'matumba amenewo, komanso Lenia apite naye kuchipatala akanene zimene taona.

Zotsatira zinabwera kudzera kwa mlangizi uja. Cha pakhomo cha Lenia chinali ndi poizoni wopitirira kwambiri muyeso. Cha Fainess chinalibe vuto. Fainess ndi mmodzi mwa amene ankapita ku maphunziro a alangizi, amene ife tinkati n'kutaya nthawi. Kumeneko anaphunzira kuyanika pa lona osati padothi, kuika matumba pa thandala, ndi kukwirira njere zowola. Tinkamunena kuti ndi wamatama, wotaya chakudya ngati bwana.

Lenia anakumba dzenje kuseri kwa chimbudzi yekha, anakana thandizo. Matumba onse a pakhomo anakhuthulira momwemo. Cha kumsika chinali chitatha kale, moti m'nyumba munatsala mchere ndi nandolo.

M'mawa mwake ndinamuona atabereka Chikondwero, kambale kopanda kanthu kali m'manja. Sanadutse pa mpanda. Anazungulira kumsewu ngati mlendo, nafika pabwalo la mkulu wake.

"Odi, achemwali."

Fainess anatuluka, anayang'ana mbale, anayang'ana mwana. Analowa m'khitchini, ndipo patapita kanthawi anabwera ndi phala lotentha. Anakhala pamkeka, anatapa supuni yoyamba n'kuilozetsa pakamwa pake, monga timachitira kuno pofuna kuonetsa kuti m'chakudya mulibe choipa.

Lenia anamugwira dzanja.

"Musalawe, achemwali," anatero, misozi ikugwera pamkeka. "Mpatseni mwana."