Rosa Apita ku Makanjira pa Boti

Ndaona anayamba kumuona pa mlatho wa Shire m'mawa wina wa chilimwe. Anali atakhala pamalo pake pa masiku onse, kumapeto kwa mlatho cha kumsika, ndi dengu lake la zitumbuwa. Kutsidya, mayi wina wamtali anatsika pa kabaza n'kuuza wanjingayo kuti atsogole ndi matimati. Mwini wake anayamba kuyenda pakati penipeni pa msewu, maso ali ku zala za kumapazi. Maminibasi ankamuimbira hutala, makondakitala akumufunsa ngati msewuwo unali wa bambo ake, iye osacheuka. Atafika tsidya lino anapumira m'mwamba, nagula chitumbuwa chimodzi n'kudya ali chiimire.

Mawa lake zinali zomwezo, mkuja zomwezo. Ndaona sanali munthu wofunsafunsa. Chimwalirireni amuna ake, mawu ake ambiri anali "zikomo" ndi "pitani bwino", choncho panatha miyezi iwiri asanadziwe kuti mayiyo anali Rosa, make Zena.

Rosa anabadwira ku Mozambique, kuseri kwa Mandimba. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anathawa m'dzinja, ndipo panjira anapeza mtsinje utasefukira. Amayi ake anamuika pamapewa n'kulowa m'madzi olekeza m'khosi, iye atagwira tsitsi lawo, akuona mbuzi yawo ndi mtolo wa zovala zikupita. Anawoloka onse amoyo, koma kuyambira tsikulo Rosa sanafunenso kuyang'ana madzi oposa a m'ndowa. Anakulira cha ku Chiponde, anakwatiwa, ukwati unatha, ndipo Zena anamulera ndi matimati a ku Namwera. Anakhala ku Mangochi zaka makumi awiri, koma chambo ankangochidziwira m'mbale.

Zena anakwatiwa ndi Blackson, mphunzitsi wa ku Dedza amene anamutumiza ku Makanjira. Chaka chotsatira mvula inachuluka mu Januwale, Zena anali wodwala pakati koyamba, masiku atayandikira. Mitsinje inagumula msewu wa ku Makanjira m'malo awiri, magalimoto n'kusiya kupita. Pa foni Zena anati miyendo yatupa, ndipo pakhomo palibe munthu wamkulu, azinzake onse ndi atsikana okhaokha.

"Mwana woyamba, achemwali," Rosa anauza Ndaona. "Adzamusambitsa ndani? Mchombo ugwe ine kulibe?"

Njira inatsala imodzi, boti la amalonda lonyamukira ku Nkope n'kudula nyanja mpaka tsidya linalo. Rosa anamanga katundu Lolemba, namumasula Lachiwiri. Lachitatu anabwera kwa Ndaona n'kukhala pansi pambali pa dengu mpaka masana. Lachinayi Ndaona, amene kwa zaka zinayi anali asanapitirire msika, sanakazinge zitumbuwa. Anatenga thumba la Rosa n'kukwera naye minibasi ya ku Nkope.

Botilo linali lamatabwa, la injini kumbuyo, lodzaza ndi matumba a mchere, malata, njinga yamoto ndi anthu. Kuti munthu akwere ankayenera kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Rosa analowa atatsinzina, atagwira chitenje cha Ndaona mwamphamvu moti chinatsala pang'ono kuvuka pamaso pa anthu. Mwini boti, a Osmani, mkulu wa imvi ndi kachisoti koyera, anayang'ana Rosa kamodzi kokha. Anasuntha bambo wina amene anakhala pakati, nakhazika Rosa pansi penipeni, n'kumupatsa chigubu chodula pakati.

"Amama, boti langali limadontha. Inu ntchito yanu ndi kukapa madzi. Mukasiya, mchere wa anthu usungunuka."

Ndaona anaima pamchenga mpaka botilo litachepa ngati nkhwazi, kenako anabwerera yekha. Zina zonse anadzazimva patatha milungu isanu.

Rosa akuti anakapa. Sanaone pamene Nkope anatsalira m'mbuyo, chifukwa maso ake anali pa madzi akuda a pakati pa mapazi a anthu. Atafika pakati pa nyanja mpoto unayamba, mafunde n'kumamenya m'mbali ndi kuwazira m'kati. Amayi ena anayamba kupemphera, awa Chikhristu, awa Chisilamu. Mwini njinga yamoto, amene pa doko ankadzitama kuti nyanjayi ndi pakhonde pake, anasanzira pa chishalo cha njinga yake yomwe. Rosa ndiye anali atayamba kukalipira anthu kuti achotse miyendo, akuponda pomwe iye akugwira ntchito.

Kenako mphepo inayamba kubweza madzi amene ankataya. Kuti awaponye patali anayenera kugwada n'kudzutsa mutu, ndipo nyanja yonse anaiona, yopanda gombe uku ndi uku, ikukwera ndi kutsika. Anadikira kuti mtima uime, koma sunaime, ndipo dzanja linali likukapabe. Anayang'ananso kachiwiri, kachitatu. Mapiri a tsidya linalo ataonekera, ndi iye amene anayamba kuuza anzake.

Potsika, mayi wina wogulitsa mchere anamunong'oneza kuti a Osmani amatero ulendo uliwonse: chigubu amapatsa munthu amene aona kuti ali ndi mantha kuposa onse, ndipo botilo silidontha kwenikweni. Rosa akuti anakwiya mpaka kukafika pa msewu, kenako anaseka yekha ngati wamisala.

"Kaya limadontha kaya silidontha," anauza Ndaona, "madziwo analipo, ndinawataya ndi manja angawa."

Zena anachira patatha masiku awiri, mwana wamkazi. Rosa ndiye anamulandira m'manja mwa anamwino, ndiye anamusambitsa, ndipo mchombo unagwa iye ali pomwepo. Pobwerera anakhala pamwamba pa matumba a mpunga. Chigubu tsikulo anachilandira msilikali wina wochokera ku tchuthi, ndipo Rosa anamulangiza kagwiridwe kake.

Msewu unakonzedwa, koma iye sanaufunenso. Anayamba kuwoloka kawiri pa mwezi, kupita ndi matimati ndi anyezi, kubwera ndi mpunga ndi usipa. Ankadziwa tsiku loti mwera uvuta pongoyang'ana mitambo, ndipo a Osmani ankamutcha kapitawo. Chaka chitatha anapeza malo pafupi ndi sukulu ya Blackson, naganiza zosamukira komweko.

Tsiku lonyamuka anadzera kwa Ndaona atasenza mphasa ndi mbaula. Anakhala pang'ono, nacheza za mitengo ya malata ndi za mdzukulu amene anali atayamba kuima chogwirira. Wa kabaza atayamba kuliza belu, Rosa anadzuka n'kukonza nkhata pamutu.

"Mubwere Okutobala, achemwali, nyanja imakhala itagona. Pokwera mudzavule nsapato, matabwa ake amaterera."