Anabwera kudzapulumutsa batire

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi munena kuti mayiyu wathira mchere, koma ine ndimadya mgonero kutchalitchi, sindinganame pa nkhani imene umboni wake ndimagona nawo chipinda chimodzi. Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Dedza, koma ntchito inandiponya ku Mzimba komwe ndinakwatiwa ndi bambo a ku Manyamula. Mayina sinditchula, ngakhale la kampaniyo, osati poilemekeza ayi, kungoti ndikalitchula mseru umandibwerera.

Amuna anga atapuma pantchito ya ulangizi, anali atatopa ndi kutandala pa mzere wa petulo, ndiye anamva za timagalimoto tamagetsi totsika mtengo. Kutsikako kunali ndi chifukwa chake: batire sagulitsa, amabwereketsa, iwe umagula thupi lokha nkumalipira lendi ya batire mwezi ndi mwezi ngati nyumba. Ine ndinawaseka kuti ndiye galimoto ndi yathu koma mtima wake ndi wa eni, iwo nkuti ndine wotsalira. Mwamuna akakonda chinthu, mumuuzanji? Tinagula.

Za inshuwalansi tinapita kwa bambo wina wa kaofesi kakang'ono pa boma pompano. Anatifotokozera kuti iwo ateteza thupi lokha, zitseko, magalasi, ndi anthu amene tingawagunde pamsewu, poti batire ili ndi inshuwalansi yakeyake yomwe eni ake anakonza kale. Anawonjezera kuti m'batiremo muli kachipangizo kowauza eniwo pomwe ili, moti ikagwa amadziwa pompo. Amuna anga anamwetulira mpaka mano onse panja, amvekere ndiye kuti tikachita ngozi thandizo lizingobwera lokha. Bambo wa inshuwalansi uja anangotsokomola nkupitiriza kudinda mapepala. Ndipo ine, ndi uphunzitsi wanga wonsewu, sindinafunse kuti thandizolo ndi la ndani.

Loweruka lina m'nyengo ya mvula, masana ndithu, tinkapita ku Manyamula kukaona alamu anga omwe ankadwala. Pamalo pena ng'ombe zinangotulukira mumsewu, amuna anga pozizemba galimoto inaterereka m'matope nkugwera m'chigwembe chammbali, mbali ya dalaivala pansi. Ine ndinatulukira chitseko chakumwamba ndi timabala tochepa, koma iwo mwendo wakumanja unapanikizika pakati pa chitseko ndi chiwongolero, magazi akutuluka osaleka.

Anthu anathamangira kuchokera m'minda, amuna amphamvu zawo, okwanira kukadzutsa kagalimoto kaja kawiri konse. Koma wina anaona chikwangwani chachikasu chokhala ndi chithunzi cha mphenzi, chomwe chija amachiona pa thiransifoma, ndipo onse anabwerera m'mbuyo. Pansi pa galimoto china chake chinkalira kuti tsiii, fungo la waya wopsa lili guu. Nditafuna kubwererako, mayi wina anandigwira chitenje.

"Ndapota amama, musayandikire. Imeneyo nja magesi, mbwenu ikugwirani nanunso."

Ndinawauza kuti ine ndangotulukamo kumene ndipo sinandigwire, iwo nkuti ndi chifukwa ndinali m'kati ngati mbalame yotera pa waya, koma woponda pansi akakhudza amauma pomwepo. Ndiulule, nanenso mantha anandilowa. Ndinaima chapatali, amuna anga akundiitana, mawu awo akucheperachepera, ine miyendo osasuntha. Ambulansi nditaiimbira anati ili kwina ndi wodwala wina. Zoona mwamuna wanga afe anthu makumi angapo akuonerera?

Ola lisanathe tinaona pikapu yoyera ikubwera, pachitseko pali chizindikiro cha kampani ya batire ija. Ndinagwada m'matope momwemo kuthokoza Mulungu, mumtima ndikuti amuna anga ananena zoona, thandizo labwera lokha. Munatsika amuna awiri ovala maovolosi ndi magolovesi, ndipo wamkuluyo anandilunjika.

"Mayi, batire yalowa madzi?"

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Ndinawalozera munthu wopanikizika uja, iwo anangosuzumira pagalasi, nkuti pepani bambo, limbani mtima, basi nkuzungulira kumimba kwa galimoto komwe batire inali poyera. Anayamba ndi kujambula zithunzi, kenako kumasula mawaya ndi mabawuti mosapupuluma. Ndinadzitonthoza kuti mwina akuyamba achotsa choopsacho kuti anthu ayandikire. Atamaliza anauzadi anthu kuti sigwiranso, abwere. Koma anthu atabwera, anawauza kuti ayambe anyamula batire, poti mvula inali itayamba kuwaza. Nanga munthu wakumudzi angatsutsane ndi wovala magolovesi? Manja omwe aja ndinawapempha pafupifupi ola lathunthu ananyamula batire kaye, amuna anga akubuula.

Kumbuyo kwa pikapu kunali matiresi. Inde, matiresi enieni, atsopano. Anaigoneka batire pamenepo mwaulemu, kuimanga ndi malamba, kuifunditsa lona kuti isanyowe. Apo nkuti anthu atadzutsa galimoto nkuwatulutsa amuna anga, ali ziii, milomo itayera. Ndinapempha kuti awakweze tithamangire kuchipatala, wamkulu uja anapukusa mutu.

"Pepani mayi, malamulo salola munthu kukwera pamodzi ndi batire yochita ngozi. Chitachitika china, inshuwalansi yathu singalipire."

Ndinati chabwino, itsitseni, anthuwa aiyang'anira, mukatisiye nkudzaitenga. Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira amayi ake, amvekere ikabedwa ntchito yake ithera pomwepo, ndipo naye ali ndi ana. Kenako, wopanda ndi manyazi omwe, anatulutsa pepala kuti ndisaine kuti katundu wawo watengedwa ali bwino. Ndinasanza pambali pa nsapato zake. Anachoka akuyendetsa pang'onopang'ono, kuzemba dzenje lililonse kuti batire isagwedezeke.

Amuna anga anawakweza pa ngolo, yokokedwa mwina ndi ng'ombe zomwe zija zinatigwetsa, mayi uja atawamanga mwendo ndi mpango wake. Mvula inatinyowetsa njira yonse mpaka tinakumana ndi lole ya chimanga, dalaivala wake nkutikweza osafunsa ndi za malamulo zomwe. Kuchipatala anayesetsa, koma anati mwendo wakhala nthawi yaitali wopanda magazi, tikadafulumirako ukadapulumuka. Anaudula m'munsi mwa bondo.

Patatha sabata ziwiri, ndili pambali pa bedi lawo, uthenga unalowa pafoni. Kampani inkatidziwitsa nkhani yabwino, eti batire yathu aipima ndipo ili bwinobwino, akutithokoza poisamala, ndipo ikutidikira galimoto ikakonzedwa. Ndinawawerengera amuna anga. Iwo anayang'ana pomwe bulangeti linaphwa, nkunena motsitsa.

"Yewo. Ndiye kuti m'modzi wa ife wachira."

Galimoto a inshuwalansi anaikonzadi, zitseko ndi magalasi omwe, monga mwa pepala, ndipo tinaigulitsa osaikweranso. Anthu a kumudzi aja sindiwada, anali ndi mantha enieni, omwenso anandiumitsa ine mkazi wa wovulalayo, ndipo zimenezo ndizo zimandidya mpaka lero. Galimoto yamagetsi nayo sindikuti ndi yoipa. Chomwe ndimakhulupirira tsopano n'chakuti pangozi ija palibe amene anaphwanya lamulo, aliyense anachita zomwe zinalembedwa, ndipo ife tomwe tinasainira ndi manja athu kuti pa zamoyo ndi zopanda moyo zonse za m'galimoto muja, chokhala ndi mwini woti nkuchithamangira ndi batire.

Choncho abale, wina akamakuuzani kuti mukachita ngozi eni ake amadziwa pompo, musamwetulire ngati amuna anga. Ikani cholembera pansi, mufunse kuti akabwera adzanyamula ndani, ndipo pa matiresi paja adzagonekapo chiyani. Ine sindinafunse. Lamulungu lililonse ndimapolisha nsapato imodzi, yakumanzere, inzake ili phee pansi pa bedi.